Musanameze vinyo, funsani za amene anathyola mphesa

Kwathu kuno mowa suyamba kumwedwa mwini wake asanalawe. Mayi amene wafulula masese amatunga chipanda choyamba n'kumwa anthu onse akuona, kuti aliyense adziwe kuti m'mbiyamo mulibe chiwembu. Womwa amamudziwa wofulula, amadziwa munda umene kunachokera chimanga ndi mawere a chimera, ndipo mowa ukakoma amadziwa woti amuyamike. Mwambo umenewu ndinaukumbukira ndili kutali, ku Stellenbosch m'dziko la South Africa, nditagwira tambula ya mwendo wautali m'nyumba yolawiramo vinyo. Vinyo analipo wochuluka, wotithirira analipo, koma amene anathyola mphesa sindinamuone ndi mmodzi yemwe.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kung'ung'udza. Anthu akulira ndi mtengo wa chimanga ndi feteleza, iwe ukutilembera za vinyo? Ena a mpingo mukuti nkhani ya zoledzeretsa ikufunanji m'nyuzipepala. Dekhani pang'ono. Sindikukopa munthu kuti ayambe kumwa. Ndikufuna tikambirane za demokalase, ndipo ndaona kuti munda wa mphesa ndi malo abwino oyezerapo ngati ufulu wafika kwa munthu wamba kapena wangothera m'tauni.

Ndiyambe ndi kuvomera kuti malowo ndi okongola. Kuchoka mu mzinda wa Cape Town ndi ulendo wosakwana ola limodzi pagalimoto. Mapiri ataliatali azungulira zigwa, mizere ya mipesa yayalana mooneka ngati inayezedwa ndi chingwe, ndipo pakati pake pali nyumba zakale zoyera mbee, zina zofolera ndi udzu. Kumeneko mvula imagwa nthawi yozizira, pomwe ife tili m'chisanu cha June ndi July, ndipo mphesa zimapsa padzuwa la January mpaka March, ife tikulimbana ndi udzu m'chimanga.

Kulawa vinyo kuli ndi mwambo wake. Umalipira kaye, kenaka amakuikira matambula asanu kapena asanu ndi limodzi, n'kumathira pang'onopang'ono, kuyambira vinyo woyera kumalizira wofiira. Amakuuza kuti uyang'ane mtundu wake poyamba, uzunguze tambulayo kuti fungo lituluke, ununkhize, ndiye ulawe. Ukatha kumuyendetsa m'kamwa, umalavulira m'kachidebe komwe amaika patebulo, kuti ukafike pa tambula yomaliza mutu uli bwino. Ine wobadwira kumene chakumwa sichitayidwa, kulavula kumeneku kunandivuta.

Sindinama, ndinaphunzira zambiri. Ndinadziwa kuti madzi a mphesa pafupifupi zonse ndi oyera, ndipo kufiira kwa vinyo kumachokera ku makoko amene amawasiya m'madzimo pamene akuwira. Ndinadziwa kuti yisiti ndi amene amadya shuga wa m'mphesa n'kumusandutsa mowa, monga zimachitikira m'mbiya ya masese. Anatilowetsa m'chipinda chozizira chodzaza migolo ya mtengo wa oak, uliwonse wa malita 225, momwe vinyo amagonamo chaka kapena kupitirira. Anatilawitsa Chenin Blanc, mphesa yolimidwa kwambiri m'dzikomo, ndi Pinotage, yomwe katswiri wina dzina lake Abraham Perold anaipanga m'chaka cha 1925 pokwatitsa mitundu iwiri, Pinot Noir ndi Cinsaut. Luso limeneli ndi lenileni ndipo wolinyoza ndi wansanje chabe.

Wotitsogolera anatifotokozeranso mbiri, ndipo anaiyala bwino. Vinyo woyamba ku Cape anafinyidwa pa 2 February 1659, m'nthawi ya Jan van Riebeeck. Simon van der Stel anakhazikitsa Stellenbosch mu 1679, n'kutsegula munda wa Constantia mu 1685. Mu 1688 kunafika Afalansa othawa chizunzo cha chipembedzo, omwe anakhala m'chigwa chomwe lero chimatchedwa Franschhoek. Vinyo wotsekemera wa ku Constantia anatchuka mpaka Napoleon ankamumwa ali mu ukaidi pa chilumba cha St Helena. Zonsezi n'zoona. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pabwalo la minda yambiri yakale pali kachipilala koyera kokhala ndi belu. Alendo amajambulitsapo zithunzi akumwetulira. Belu limenelo linali loitanira akapolo kuntchito. Minda ya mphesa ya ku Cape inakula ndi thukuta la akapolo ochokera ku Madagascar, ku India, ku zilumba za Indonesia ndi ku Mozambique, dziko loyandikana nafe, komwe njira zina za akapolo zochokera kunyanja kwathu kuno zinkathera. Mu December 1794 sitima ya Apwitikizi yotchedwa São José, yomwe inanyamula akapolo pafupifupi 500 kuchokera ku Mozambique kupita nawo ku Brazil, inasweka pamiyala pafupi ndi Cape Town. Oposa 200 anamira. Amene anapulumuka sanawamasule ai, anawagulitsa komweko ku Cape. Ukapolo unathetsedwa mwalamulo mu 1834, koma anthuwo anakakamizidwa kugwirabe ntchito kwa ambuye awo mpaka 1838. Atamasulidwa analibe malo, analibe ng'ombe, analibe kolowera. Ambiri anabwerera m'minda yomweyo.

Kuti asachokenso, eni minda anali ndi chingwe china chosaoneka ndi maso. M'chi Afrikaans amachitcha dop. Wantchito ankalandira gawo la malipiro ake ngati vinyo wotsika, kumuthirira m'chitini kangapo patsiku, m'mawa, masana ndi poweruka. Munthu wozolowera kumwa tsiku lililonse kuyambira ali mnyamata sapita patali ndi pamene pali chitini chake. Sasunga ndalama, sakhala pamsonkhano, safunsa mafunso. Lamulo linaletsa kulipira anthu ndi vinyo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, koma eni minda ena anangosintha dzina, n'kumati ndi mphatso. Mchitidwewu unapitirira m'minda ina mpaka zaka za m'ma 1990, ndipo lamulo la zamowa la 2003 linachita kubwerezanso kuuletsa.

Mnzanga wina nditamufotokozera izi anaseka n'kunena kuti nanga ife sitilimitsa dima? Kodi sitifulula mowa n'kuitana anthu kuti adzatilimire? Funso lake ndi labwino koma yankho lake n'losavuta. Pa dima, amene akukulimira lero ali ndi munda wake, ndipo mawa iwe ukagwira khasu kwa iye n'kumwa mowa wake. Mowa wa dima ndi chithokozo pakati pa anthu ofanana. Pa dop mwini munda ndi mmodzi yemweyo chaka ndi chaka, ndipo sadzapita kukalima kwa wantchito wake mpaka kalekale.

Zipsera za dop zilipobe. Mayi akamamwa ali ndi pakati, mwana amatha kubadwa ndi ubongo wowonongeka, wosakula bwino ndi wovutika kuphunzira moyo wake wonse. Madokotala amene akhala akuyeza ana a sukulu m'matauni a minda ya mphesa ku Western Cape kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anapeza kuti vutoli ndi lalikulu kumeneko kuposa pafupifupi kwina kulikonse komwe linayezedwapo padziko lapansi. M'nyumba yolawira vinyo amakuphunzitsa kulavula kuti usaledzere. Kuseri kwa phiri lomwelo, mibadwo ya anthu inaphunzitsidwa kumeza.

Tsono wina afunsa kuti ife a Malawi zikutikhudza bwanji. Zikutikhudza kwambiri, ndipo inu akuluakulu amene munabwerera kumudzi chikhululukiro chitalengezedwa mu 1993 mukudziwa bwino kuposa ine amene ndinabadwa matipate atabwera kale. Mu 1967 boma la Dr Kamuzu Banda linakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la South Africa, pamene maiko ena a anthu akuda ankalisala. Ngongole yoyambira kumanga likulu ku Lilongwe inachokera komweko. Mu 1970 John Vorster anabwera kuno, ndipo mu August 1971 a Banda anakacheza ku South Africa, mtsogoleri woyamba wa dziko la anthu akuda kulandiridwa mwaulemu wa boma kumeneko. Pa ulendowo anakayankhula pa yunivesite ya Stellenbosch. M'chaka chomwecho cha 1971, eni minda a ku Stellenbosch anatsegula njira yoyamba yoti alendo aziyendera minda n'kumalawa vinyo. Mlendo wakuda wa ulemu wake ankaomberedwa m'manja m'holo, pomwe akuda ndi makaladi a m'dzikomo ankapanga mzere ndi zitini zawo kuseri kwa nkhokwe.

Nthawi imeneyo ambiri a inu munali ku Lusaka, ku Dar es Salaam, ku Harare kapena ku London. Amene munali ku Ulaya mukukumbukira momwe anthu ankakanira kugula malalanje, mphesa ndi vinyo wa ku South Africa, ntchito yomwe inayambika ku Britain mu 1959. Munkatembenuza botolo kuti muone komwe lachokera, mukaona dzina la dzikolo n'kulibweza pashelefu. Munkadziwa kuti kugula ndi ndale. Lero botolo lomwelo lili m'masitolo a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, limatsegulidwa pa maukwati ndi pa madyerero a boma, ndipo palibe amene amalitembenuza. Tinaganiza kuti funso linatha tsiku lomwe tsankho linagwa.

Zoonadi tsankho linagwa, ndipo linagwera pakati pa mipesa yomweyi. Ndende ya Victor Verster, komwe Nelson Mandela anatulukira pa 11 February 1990, ili pakati pa Paarl ndi Franschhoek, yozunguliridwa ndi minda ya mphesa. Mu April 1994 wantchito wa m'munda anaponya voti limodzi ndi bwana wake, patangotsala milungu itatu kuti nafenso tiponye yathu pa 17 May. Mu 1997 kunabwera lamulo loletsa kuthamangitsa anthu okhala m'minda popanda chilolezo cha khoti. Munthu wakuda ngati ine lero amakhala patebulo lolawira vinyo n'kumatchedwa bwana. Zimenezi si zazing'ono.

Koma taonani zomwe zinatsala. Mu 2011, patatha zaka 17 chiyambireni demokalase, bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti la minda ya zipatso ndi vinyo ku Western Cape. Linapeza antchito okhala m'nyumba zosayenera munthu, opopera mankhwala popanda zodzitetezera zokwanira, ogwira ntchito tsiku lonse popanda chimbudzi kapena madzi akumwa pafupi, ndi oopsezedwa akafuna kulowa m'mabungwe a antchito. Chakumapeto kwa 2012 antchito a ku De Doorns, dera la mphesa zodya, ananyanyala ntchito ndipo sitalakayo inafalikira m'matauni ena. Ankalandira R69 patsiku ndipo ankafuna R150. Matayala anayaka pamsewu waukulu, minda ina inatenthedwa, anthu ena anafa. Boma linakweza malipiro kufika pa R105 kuyambira March 2013. Dziwani kuti amene anakweza malipirowo si voti ya 1994 ai. Ndi anthu amene anatopa n'kukhala pamsewu.

Ndipo m'minda imeneyi muli abale athu. Kale a Malawi ankapita ku Joni kudzera ku Wenela kukakumba golide. Lero amakwera basi kudzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge, n'kukathera m'makhitchini, m'maluwa ndi m'minda ya ku Cape, pamodzi ndi anzawo a ku Zimbabwe ndi ku Lesotho. Mlendo wopanda mapepala ndiye wantchito wotsika mtengo kuposa onse, chifukwa sangadandaule kwa wina aliyense. Zinthu zikavuta, mkwiyo wa eni dziko umagwera iye m'malo mogwera wolemba ntchito, monga zinachitikira ku De Doorns komweko mu November 2009, pamene anthu a ku Zimbabwe zikwi zingapo anathamangitsidwa m'nyumba zawo.

Pamunda wina womwe sindiutchula dzina, mnyamata amene ankachotsa matambula anatimva tikuyankhula Chichewa. Anayang'ana uku ndi uku, n'kunena chapansipansi kuti, "Muli bwanji achimwene? Kumudzi n'kwabwino?" Anali wa kuchigawo cha kummwera. Ntchito yake inali kutsuka matambula ndi kukataya zomwe alendo talavula. Nditamufunsa ngati vinyo amene tinkalawayo amamudziwa kukoma kwake, anaseka. "Achimwene, botolo limenelo ndi malipiro anga a masiku awiri. Ine ndimangodziwa fungo lake m'chidebemu." Sanadandaule, ndipo anati ntchitoyo ikuphunzitsa alongo ake awiri kumudzi. Atamva mapazi a kapitawo anasintha nkhope n'kuyamba kutiyankhula m'Chingerezi. Mantha amenewo ndinawazindikira. Ndi omwe makolo athu amatisimbira, a masiku amene munthu ankayang'ana kumbuyo asanatchule dzina la mtsogoleri.

Tinene chilungamo, si minda yonse yomwe ili chimodzimodzi. Ilipo ina yomwe inapatsa antchito gawo la umwini, ina inamanga nyumba zabwino ndi sukulu za mkaka. Alipo akuda amene alowa m'ntchitoyi ndi luso lawo. Ntsiki Biyela, mayi wa ku KwaZulu-Natal amene anagwirapo ntchito ya m'nyumba, anapeza mwayi wa maphunziro ku Stellenbosch mu 1999 asanalaweko vinyo chibadwire, n'kuphunzira m'chi Afrikaans chomwe sankachidziwa. Mu 2004 anakhala mayi woyamba wakuda kugwira ntchito yopanga vinyo m'dzikomo, ndipo pambuyo pake anayambitsa vinyo wakewake wotchedwa Aslina, dzina la agogo ake. Mu 2021 malipiro otsikitsitsa a antchito a m'minda anafananitsidwa ndi a antchito ena ambiri. Komabe nthaka yambiri ya mphesa idakali m'manja mwa azungu, ndipo ntchito yambiri yothyola ndi ya ganyu wa nyengo, wopezeka kudzera mwa anthu olemba anzawo ntchito m'malo mwa mwini munda. Zikatero mwini munda amasamba m'manja, amati awa si antchito anga.

Kodi tsono tileke kupitako? Tileke kugula? Ine ndikuti ai. Kunyanyala kunali ndi nzeru pamene kunalibe voti, khoti lachilungamo kapena nyuzipepala yomasuka, ndipo eni ake oponderezedwawo ndi amene anapempha dziko lapansi kuti litero. Lero tikasiya kugula, woyamba kuchotsedwa ntchito ndi mnyamata wotsuka matambula uja. Chomwe ndikupempha n'chapafupi koma chimafuna kulimba mtima: pitani, lawani, koma funsani.

Wina anena kuti funso la mlendo mmodzi silisintha kanthu. Mbiri ikutsutsa. Mu 2016 mtolankhani wa ku Denmark, Tom Heinemann, anatulutsa kanema woonetsa moyo wa antchito m'minda ina ya vinyo ku South Africa. Ogula a ku Denmark ndi ku Sweden anafunsa mafunso, masitolo ena anachotsa mabotolo ena pamashelefu, ndipo boma ndi eni minda anakakamizika kuyendera minda ndi kuyankhapo. Wogulitsa amamva msanga mau a wogula kuposa kulira kwa wantchito. N'zomvetsa chisoni, koma poti ndi mmene zilili, wogula asakhale chete.

Ifenso tinalawako mankhwala omwewa. Mu November 2019 dziko la America linalamula kuti fodya wochokera ku Malawi azigwidwa padoko kaamba ka nkhani zogwiritsa ntchito ana ndi kukakamiza anthu ntchito. Mabungwe a kuno anakhala akulira za matenanti kwa zaka zambiri, anthu otengedwa ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Machinga kukalima fodya ku Kasungu ndi ku Mchinji, kumadya chimanga cha ngongole chaka chonse n'kudzapeza pokolola kuti ngongole yaposa malipiro. Aphungu ankangoyasamula. Ogula akunja atatseka chitseko, mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la zantchito n'kuthetsa utenanti. Kodi tinafunikiradi mlendo kuti atiuze kuti m'nyumba mwathu mukununkha?

Apa ndiye pagona nkhani yanga. N'kosavuta kuloza chala ku Stellenbosch, koma nafenso tili ndi minda yathu yokongola. Pitani ku Thyolo ndi ku Mulanje mukaone tiyi wobiriwira atayala mapiri ngati mphasa. Kumenekonso alendo amafika, amagona m'nyumba zakale za atsamunda, amalawa tiyi wa mitundumitundu m'timakapu n'kumayamikira fungo. Nthaka imeneyo ili ndi mbiri ya thangata, pamene munthu ankagwira ntchito kwa mzungu kuti aloledwe kukhala pamalo pomwe makolo ake kapena iye mwini anapeza pothawira. Thangata yemweyo ndi chimodzi mwa zomwe zinautsa John Chilembwe mu January 1915. Tinalandira ufulu mu 1964, tinasankha matipate pa 14 June 1993, koma m'mphepete mwa minda imeneyo anthu akulimabe timinda tosakwana kudyetsa banja, ndipo mayi wothyola tiyi amadzuka kusanache ndi dengu kumsana. Ndi angati mwa ife a m'tauni amene tinafunsapo kuti amalandira zingati pa kilogalamu?

Demokalase imene yangosintha anthu okhala patebulo, koma osakhudza onyamula dengu, ndi yapakatikati. Kale patebulopo pankakhala mzungu yekha. Kenaka panakhala nduna za chipani chimodzi. Lero pali ife, ophunzira, a mabizinesi, a mabungwe, obwera kuchokera kunja, ndipo taphunzira msanga kuzunguza tambula ndi kutchula maina a mphesa. Ngati tathera pomwepo, ndiye kuti chomwe tinkamenyera sichinali chilungamo koma mpando.

Choncho inu amene mudzapite ku Stellenbosch, ku Paarl kapena ku Franschhoek, kaya pa tchuthi kaya pa msonkhano wa ntchito, mukamaliza kufunsa za chaka chomwe mphesa zinathyoledwa ndi miyezi yomwe vinyo anagona mumgolo, onjezani mafunso ena. Othyola mphesa ndi antchito okhazikika kapena aganyu? Amagona kuti? Ali ndi bungwe lawo? Pali wantchito amene ali ndi gawo pamundawu? Belu lili panjalo linkaitana ndani? Funsani mwaulemu, ndipo funsani bwana, osati wantchito amene angachotsedwe chifukwa chokuyankhani. Munda wochita bwino udzakuyankhani mokondwa, mwinanso kukutengani kukaona. Wochita zachinyengo udzasintha nkhani, ndipo pamenepo mudzadziwa koyenera kusiya ndalama zanu. Mukabwerako, mafunso omwewo mukawafunse ku Thyolo, ku Kasungu ndi ku Nchalo, komanso kwa phungu wanu akadzabwera kudzapempha voti.

Ine ndinagula botolo limodzi la Pinotage, ndipo lili m'kabati mpaka lero. Sindinalitsegule, osati chifukwa ndi tchimo, koma ndikudikira tsiku lomwe mnyamata uja adzabwere kumudzi. Monga mwa mwambo wathu, amene anagwira ntchito ndiye ayambe kulawa.